SINGANO ZA KU CHINA NDI MATENDA A KHOSI: KODI ZIMATSEGULADI NJIRA YA MAGAZI?

Mawu amene mmodzi wa mamembala athu analankhula pa msonkhano wapachaka wa bungwe la ophunzira akale kuno ku Mchinji. Tawasindikiza monga momwe anawalankhulira, kuti amene sanathe kufika nawonso amve.



Miyezi itatu yapitayo komiti yathu inandisenzetsa ntchito. Ku thumba lathu lothandizana pa mavuto kunafika makalata awiri, ndipo onsewo ankapempha chinthu chimodzi: ndalama zoti munthu wodwala khosi ndi chizungulire akabayitse singano za ku China, zimene pa Chingerezi amati acupuncture. Wina ankafuna kupita ku Lilongwe, winayo kutsidya kwa malire. M'makalata onse awiri munali mawu ofanana, akuti mitsempha ya m'khosi yatsekeka, magazi sakufika bwino kumutu, ndipo singanozo zikatsegula njira. Komiti inagawikana. Ena anati tipereke, anzathu akuvutika. Ena anati ndalama za bungwe si zoyesera mwayi. Potsiriza anandilozera ine nati, inu munapita ku yunivesite ndipo ntchito yanu m'boma ndi yowerenga malipoti, kawerengeni mudzatiuze. Tsono ndabwera. Ine sindine dokotala, ndipo zimene ndilankhule pano sizilowa m'malo mwa kupimidwa kuchipatala. Ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku ndi kuona ngati zimene lipoti likulonjeza pachikuto zikugwirizana ndi manambala amene ali m'kati mwake, ndipo nkhani iyinso ndaigwira momwemo.

Tiyambe ndi khosi lenilenilo, tikumbutsane Biology ya ku Fomu 3 imene ena a ife tinkaodzera masana. Khosi la munthu lili ndi mafupa 7 osanjikizana, ndipo limanyamula mutu wolemera pafupifupi makilogalamu 5 kuyambira m'mawa mpaka pogona. Pakati pa fupa ndi fupa pali kankhata kofewa, kogwira ntchito yofanana ndi ya nkhata imene amayi amaika pamutu asanasenze mtsuko. Munthu akamakula tinkhata timeneti timauma ndi kuphwa, mafupa amayandikana, ndipo m'mbali mwake mumayamba kumera timinga ta fupa. Madokotala amati zimenezi ndi cervical spondylosis. Dzinalo ndi loopsa pomveka, koma zenizeni zake n'zakuti anthu ambiri opitirira zaka 60 mukawajambula X-ray mudzawapeza nazo, ndipo ambiri mwa iwo samva kupweteka kulikonse. Ndi imvi za mafupa. Choncho chithunzi cha X-ray choonetsa mafupa otha pang'ono sichikutsimikiza kuti chimene chikukuvutitsani chachokera pamenepo.

Magazi amakwera kumutu kudzera m'mitsempha ikuluikulu 4. Iwiri ili kutsogolo, ndiyo imene mumaimva ikugunda mukagwira pambali pa kholingo. Iwiri inayo ili kumbuyo, ndipo njira yake ndi yodabwitsa: imadutsa m'timabowo ta m'mbali mwa mafupa a khosi omwewo, kuyambira pa fupa lachisanu ndi chimodzi kukwera mpaka loyamba, kenaka imalowa m'chigaza n'kulumikizana kukhala mtsempha umodzi. Mtsempha umenewu ndiwo umadyetsa mbali ya kumbuyo ya ubongo, imene imayang'anira kuona, kupuma ndi kuima osapendekeka. Apa ndiye pamene pachokera ganizo la m'makalata aja. Anthu amati, ngati mtsempha ukudutsa m'fupa ndipo fupalo lamera minga, ndiye kuti mtsemphawo wapanikizika, magazi achepa, chizungulire chabwera. Ku China madokotala amauwerengera umenewu ngati mtundu wakewake wa matenda a khosi, ndipo alembapo zambiri. Madokotala a mayiko ena ambiri amavomereza kuti zimachitika, koma amati n'zosowa kwambiri. Chifukwa chimodzi n'chakuti pansi pa ubongo mitsempha yonse 4 ija imalumikizana, monga anafotokozera Mngelezi wina, Thomas Willis, m'chaka cha 1664, kotero kuti umodzi ukapanikizika pang'ono, kawirikawiri inayo imathandiza.

Ndisanapitirire, ndidandaule pang'ono za chilankhulo chathu. Mawu akuti mtsempha ife timawagwiritsa ntchito pa zinthu zitatu. Njira ya magazi timati mtsempha. Kachingwe kotumiza uthenga kuchokera ku ubongo kupita kudzanja timatinso mtsempha. Chingwe cholimba cha kuchidendene chimene timavutika nacho kutafuna pa nyama ya ng'ombe, nachonso ndi mtsempha. Tsono dokotala akanena kuti fupa lapanikiza mtsempha, kawirikawiri amatanthauza wachiwiriwo, wa uthenga, umene umabweretsa dzanzi ndi ululu wotsikira kumkono. Wodwala pofika kunyumba amakauza abale kuti magazi atsekeka. Ogulitsa mankhwala m'misika ndi m'madepoti a basi amadziwa bwino za kusokonekera kumeneku, ndipo amadyerapo.

Nanga n'chifukwa chiyani khosi likuvuta anthu ambiri kwathu kuno? Yang'anani pa mjigo m'mawa. Ndowa ya malita 20 ndi makilogalamu 20, kulemera kwa mitu inayi pamwamba pa mutu umodzi, ndipo mtsikana amayamba kuisenza asanathe n'komwe msinkhu. Pitani pa Kamwendo, pa Mkanda kapena pa Kapiri nyengo yogula mtedza, soya ndi chimanga, muone anyamata akuthamanga ndi matumba a makilogalamu 50 kukakweza m'malole, ndipo akuluakulu muli muno mukukumbukira matumba aja a makilogalamu 90. M'chaka cha 1968 dokotala wina wa opaleshoni ya ubongo ku Salisbury, kumene lero ndi Harare, dzina lake Laurence Levy, analemba m'magazini ya madokotala ya ku Britain za amuna osenza matumba olemera pamutu amene ankafika kuchipatala atathyoka kapena kuguluka mafupa a khosi. Ku Ghana, kafukufuku wa m'chaka cha 1994 anapeza kuti kutha kwa mafupa a khosi kunali kofala kwambiri pakati pa anthu osenza katundu pamutu kusiyana ndi osasenza. Ndipo ife a m'maofesi tisaseke, pakuti tili ndi mtolo wathu wosaoneka: tsiku lonse kuweramira kompyuta, madzulo kuweramira foni.

Tsopano tibwere ku singano. Njira imeneyi ndi yakale ndithu. Buku la ku China lotchedwa Huangdi Neijing, limene linalembedwa zaka zoposa 2,000 zapitazo, limafotokoza kuti m'thupi mumayenda mphamvu yotchedwa qi, motsata mizere yake, ndipo kuti matenda amabwera mphamvuyo ikatsekeka. Mizere ikuluikulu ilipo 14, ndipo pa mizereyo pali malo obayapo 361. Pali nkhani ina imene aphunzitsi athu angaikonde. M'chaka cha 1027 dokotala wa kunyumba ya mfumu, Wang Weiyi, anaumbitsa zifanizo za munthu za mkuwa zokhala ndi timabowo pa malo onse obayapo. Akuti pa nthawi ya mayeso ankamata chifanizocho ndi phula, n'kuthira madzi m'kati. Wophunzira akabaya pamalo oyenera madzi ankatuluka, akaphonya singano inkagunda mkuwa. Mayeso otero analibe kuonera kwa mnzako. Kunja kwa Asia njirayi inatchuka kwambiri m'chaka cha 1971, pamene mtolankhani wa nyuzipepala ya New York Times, James Reston, anachitidwa opaleshoni ya m'mimba ku Beijing n'kulemba kuti singano zinamuchepetsera ululu wa pambuyo pa opaleshoniyo. M'chaka cha 2010 bungwe la UNESCO linaika njirayi pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu. Zindikirani bwino, amenewo ndi a chikhalidwe, si a zachipatala.

Kuno kwathu nkhani za singanozi zayamba kumveka kwambiri chifukwa cha ubale wa mayiko. Dziko la Malawi linakhazikitsa ubale ndi boma la Beijing mu December 2007, ndipo kuyambira 2008 magulu a madokotala ochokera ku China akhala akugwira ntchito pa zipatala zazikulu za Kamuzu Central ku Lilongwe ndi Mzuzu Central. Anzathu a ku Zambia anayamba kulandira magulu otere m'chaka cha 1978. Ku Zimbabwe, m'chaka cha 2020, anatsegula malo ake enieni a singano ndi mankhwala a ku China pa chipatala cha Parirenyatwa ku Harare. Ife a m'malire timamva zonsezi msanga, chifukwa nkhani imadutsa pa Mwami mofulumira kuposa katundu.

Singano zake si za jakisoni. Ndi zopyapyala kwambiri, zilibe bowo pakati ndipo sizilowetsa mankhwala aliwonse. Amazisiya m'thupi mphindi 20 kapena 30 n'kuzichotsa. Pa matenda a khosi amakonda kubaya pa malo otchedwa Fengchi, tizenje tiwiri ta kunkhongo pamene chigaza chathera, ndi pa Dazhui, pansi pa fupa lotukuka lija mumaligwira mukawerama. Ena amatenthetsa singanoyo poyatsa masamba ouma kumapeto kwake, ena amailumikiza ku magetsi ochepa mphamvu. Palinso mtundu wina watsopano, singano yokhala ndi kampeni kunsonga, imene Zhu Hanzhang anayambitsa m'chaka cha 1976, yodulira minofu yolimba m'kati. Imeneyo ndi yoyandikira ku opaleshoni ndithu, ndipo pakhosi ine ndingaiope. Kwa ife Achewa ndi Angoni ganizo lonseli si lachilendo. Agogo athu ankatemera mphini pamalo popweteka, ndipo ankalumika ndi nyanga kuti achotse magazi amene ankati ndi oipa. Munthu akamva ululu amafuna kuti pamalo popwetekapo pachitike kanthu kooneka ndi maso, ndipo mapiritsi samukhutiritsa ngati mmene chimachitira chitsulo.

Funso loyamba: kodi singano zimachepetsa ululu wa khosi? Apa umboni ulipo, ndipo si wonyozeka. Katswiri wina wa manambala, Andrew Vickers, pamodzi ndi anzake, anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wabwino yekhayekha. M'chaka cha 2012 anaphatikiza odwala pafupifupi 18,000, ndipo mu 2018 anafika pa odwala oposa 20,000, onse a ululu wokhalitsa wa msana, khosi, phewa, mawondo ndi mutu. Anapeza kuti obayidwa singano ankapeza bwino kuposa amene sanabayidwe. Koma powayerekeza ndi amene anabayidwa singano zonamizira, kusiyana kunali kochepa. Mwina mukudabwa kuti singano zonamizira n'zotani. Ndi zobaya pamwamba chabe, pamalo amene sali pa mizere ija, kapena zongogunda khungu osalowa, wodwala osadziwa. Kafukufuku wa ku Germany amene anasindikizidwa m'chaka cha 2007 akuonetsa bwino mfundoyi. Anatenga anthu 1,162 odwala msana. Patatha miyezi 6, mwa anthu 100 alionse obayidwa singano zenizeni, pafupifupi 48 anali atapezako bwino. Mwa obayidwa zonamizira, 44. Mwa olandira chithandizo cha masiku onse, 27. Taonani manambalawo kawiri. Singano zinapambana, koma malo 361 aja sanathandize kwenikweni, pakuti ngakhale wobaya mophonya dala anapeza pafupifupi zofanana. Zikuoneka kuti gawo lalikulu la phindu limachokera m'kugona phee theka la ola, m'kugwiridwa ndi munthu amene akukumvetsera, ndi m'chiyembekezo. Ine sindinyoza zimenezo, ululu ukachepa wachepa. Ku England, m'chaka cha 2021, bungwe la NICE limene limalangiza zipatala za boma linavomereza kuti singano zingayesedwe pa ululu wokhalitsa wopanda gwero looneka, ngakhale kuti mu 2016 bungwe lomwelo linakana kuzivomereza pa ululu wa m'chiuno.

Funso lachiwiri ndilo la makalata athu: kodi singano zimatsegula njira ya magazi opita kumutu? Pali makina amene amayeza liwiro la magazi m'mitsempha pogwiritsa ntchito mafunde a phokoso losamveka ndi khutu. Amawatcha Doppler, ndipo njira yoyezera mitsempha ya m'kati mwa chigaza anaiyambitsa Rune Aaslid m'chaka cha 1982. Malipoti ambiri ochokera m'zipatala za ku China amanena kuti odwala khosi ndi chizungulire atabayidwa singano kwa milungu ingapo, makinawo anaonetsa kuti magazi a m'mitsempha ya kumbuyo ija akuyenda mofulumira kuposa kale. Nditawerenga zimenezi ndinaseka ndekha, chifukwa pa Chichewa kuthamanga kwa magazi ndi dzina la matenda, pamene m'malipotiwo akukunyadira ngati kuchira.

Koma nthabwalayo ili ndi mfundo m'kati. Liwiro la madzi si kuchuluka kwa madzi. Amene muli ndi madimba m'mbali mwa Bua mukudziwa kuti mukafinya kukamwa kwa paipi ndi chala, madzi amathamanga n'kufika patali, koma m'ndowa salowa ochuluka kuposa kale. Mtsinje umathamanga pamene wachepa, umayenda mwaulesi pamene watambalala. Madokotala enieni akaona magazi akuthamanga kwambiri pamalo amodzi a mtsempha, amayamba kukayikira kuti pamenepo pachepa. Choncho nambala yokwera pa makina a Doppler ingatanthauze zabwino, ingatanthauzenso zoipa, ndipo imasintha ndi momwe woyeza wagwirira chipangizo, momwe wodwala akupumira, ngakhale ndi mantha ake. Mu ofesi mwathu lipoti lotere timalibweza n'kufunsa kuti, mwatiuza kuti galimoto yathamanga, koma katundu wafika?

Katundu pa nkhani iyi ndi woti munthu asiye kugwa ndi chizungulire, abwerere kumunda kapena ku ntchito, ndipo asadwale sitiroko. Kuti titsimikize zimenezo pamafunika odwala ambiri, owatsata kwa nthawi yaitali, ena obayidwa zenizeni ena zonamizira, woyeza osadziwa kuti uyu ali gulu liti. Akatswiri amene asonkhanitsa malipoti a mitsempha ya khosi amadandaula mobwerezabwereza kuti ambiri ndi a odwala ochepa, a nthawi yochepa, ndipo wodwala ndi dokotala onse ankadziwa chimene chikuperekedwa. Chizungulire pachokha chimabwera n'kupita, kotero aliyense amene wakugwirani mlungu umene chimatha yekha, ndiye amatenga ulemu. Palinso china chovutitsa. Vickers yemwe uja, amene anapeza kuti singano zimathandiza pa ululu, m'chaka cha 1998 anaunika malipoti a singano ochokera m'mayiko osiyanasiyana, ndipo anapeza kuti onse ochokera ku China, Japan, Hong Kong ndi Taiwan amene anawaunika ankanena kuti singano zapambana. Onse. Mphunzitsi Wamkulu atatiuza kuti kalasi yonse yakhoza MSCE zaka khumi zotsatizana popanda wolephera ndi mmodzi yemwe, tingaombe m'manja, koma tingafunsenso kuti mapepala amachonga ndani.

Chimene chili choona n'chakuti pamalo pamene singano yalowa khungu limafiira, magazi amachuluka pang'ono pamenepo, ndipo minofu youma imatha kumasuka. Munthu amadzuka khosi litapepuka. Koma singano singapale minga ya fupa, singabwezere kankhata kouma, ndipo singachotse mafuta amene amatira m'kati mwa mtsempha wa magazi.

Apa ndiye pamene mtima wanga uli, ndipo ndikupempha kuti ngakhale amene akunong'onezana kumbuyoko amvetsere. Choopsa chachikulu si singano, koma miyezi imene munthu amataya akubayitsa pamene matenda ake ndi ena. Chizungulire chili ndi magwero ambiri. Chofala kwambiri, chija chimabwera mukatembenuka pabedi kapena mukayang'ana kumwamba n'kutha pasanathe mphindi, kawirikawiri chimachokera m'kati mwa khutu, mmene timiyala tating'onoting'ono timachoka pamalo pake. Dokotala wa ku America, John Epley, anafotokoza m'chaka cha 1992 njira yotembenuza mutu wa wodwala mwadongosolo kuti timiyalato tibwerere, ndipo imatenga mphindi zochepa, popanda mankhwala, popanda singano. Kuchepa kwa magazi pambuyo pa malungo kumabweretsanso chizungulire. Shuga nayenso, ndi mankhwala ena amene timamwa. Ndipo pali BP. Kafukufuku wa dziko lonse wa m'chaka cha 2009 anapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi muno anali ndi BP yokwera, ndipo ambiri a iwo sankadziwa. Werengani anthu a pa benchi lanu atatuatatu. BP yokwera nthawi zambiri siimveka m'thupi, ndipo ndiyo imawononga mitsempha ya ku ubongo koposa minga ya fupa.

Pali zizindikiro zimene munthu akaziona asayambe wafunsa za singano, asayambe wadikira kuti kuche. Chizungulire chadzidzidzi chobwera pamodzi ndi kuona zinthu ziwiriziwiri, lilime kulemera, kukamwa kupindika, kulephera kumeza, kapena dzanja ndi mwendo kufooka mbali imodzi, chimenecho chingakhale sitiroko, ndipo ola lililonse ndi lamtengo. Khosi louma gwa pamodzi ndi kutentha thupi ndi mutu waukulu lingakhale matenda oumitsa khosi, amene amapha m'masiku ochepa. Ululu wa khosi kapena msana wosatha usiku, munthu akuonda ndi kutuluka thukuta, ungakhale TB ya m'mafupa, imene mankhwala ake alipo aulere. Ndipo ngati manja ayamba kulephera kumanga mabatani kapena kugwira cholembera, miyendo ikuyenda ngati ya woledzera, mkodzo ukuvuta, ndiye kuti mwina mafupa akupanikiza chingwe chachikulu cha uthenga chimene chimadutsa pakati pa msana. Chimenecho chikawonongeka sichibwerera mwakale, ndipo nthawi zambiri chimafuna opaleshoni. Poyambira pathu ndi pa chipatala cha boma cha Mchinji, kapena pa zipatala za mishoni monga Guilleme ndi Kapiri. Iwo akaona kuti n'koyenera amatumiza ku Kamuzu Central, ulendo wa makilomita oposa 100 pang'ono, kumene tsopano kulinso chipatala cha mafupa ndi ubongo chotchedwa LION.

Singano zokha, zikakhala m'manja mwa munthu wophunzira, si zoopsa kwambiri. Ku Germany anatsata odwala 229,230 obayidwa ndi madokotala, ndipo lipoti la mu 2009 linati pafupifupi 9 mwa 100 alionse anaona kovuta kena, makamaka kutuluka magazi pang'ono kapena kutupa, ndipo anthu awiri anabooledwa phapo. Koma kumbukirani kuti obayawo anali madokotala. Kunkhongo, pa Fengchi paja, singano yolowa mozama ndi molakwika imayandikira mtsempha wa magazi uja ndi tsinde la ubongo. Pamwamba pa phewa pali nsonga ya phapo. Ndipo za singano yobwerezedwa pa anthu awiri sindifunika kukuphunzitsani, mbadwo wathu unaika maliro okwanira m'zaka za m'ma 1990, ndipo lumo limodzi la mphini tinaphunzira kuliopa.

Tsono, Bambo Wapampando, maganizo anga ku komiti ndi awa. Anzathu awiri aja tiwathandize, koma ndalama yoyamba ipite pa ulendo wa kuchipatala ndi pa kupimidwa: BP, shuga, kuchuluka kwa magazi, makutu, ndi mphamvu za manja ndi miyendo. Madokotala akanena kuti palibe choopsa, ndi ululu wa khosi lotopa basi, ndipo mwini wake akufunabe singano, ine sindingamuletse, ndipo bungwe lingathandizepo pang'ono. Koma tiike malire, mwina maulendo 6, kenaka tifunse mwini wakeyo ngati akugona bwino ndi kugwira ntchito, osati ngati makina aonetsa nambala yokongola. Wobayayo afunsidwe kumene anaphunzira ndi chikalata chomuloleza kugwira ntchito, pakuti a Medical Council of Malawi ndiwo amalembetsa ogwira ntchito zachipatala m'dziko muno. Singano azitsegule m'pepala lake wodwala akuona, ndipo akatha azitaye. Amene akumwa mankhwala osungunula magazi, ndi amayi oyembekezera, anene asanagone pabedipo. Wobaya amene angakuuzeni kuti musiye mankhwala a BP kapena a shuga chifukwa singano zake zatsegula mitsempha, valani nsapato muzipita.

Ndikupemphanso kuti tichotseko ndalama pang'ono tigule makina oyezera BP, akhale a bungwe, ndipo pa msonkhano uliwonse anzathu anamwino amene tili nawo muno aziyeza aliyense pakhomo asanalipire n'komwe ndalama ya umembala. Mtengo wake sufika pa zimene tawononga lero pa zakumwa.

Za khosi lotopa, chithandizo chimene chili ndi umboni wabwino ndi chotsika mtengo kuposa zonse: kulimbitsa minofu ya khosi ndi mapewa mwa masewera amene a physiotherapy amaphunzitsa, kusagona tsiku lonse, ndi kusavala kolala ya khosi kwa milungu yambiri popanda dokotala kunena. A m'maofesi tikweze kompyuta ifike pa maso, ndipo tiziimirira ola likatha. Kumudzi nkhani ndi yovutirapo, chifukwa simungauze mayi kuti asiye kutunga madzi. Koma ambiri a ife tikapita kwathu pa Khirisimasi timanyamula shuga ndi chitenje. Chaka chino ganizirani za wilibala, kapena zigubu ziwiri za malita 10 m'malo mwa ndowa imodzi ya 20, makamaka kwa atsikana amene mafupa awo akadakula. Mlongo wanga wa kumudzi atalandira wilibala anandiuza kuti anthu a pa mjigo anamuseka mlungu woyamba, mlungu wachiwiri anayamba kumubwereka.

Ndaona a Mlembi akundilozera wotchi, ndipo fungo la kukhitchini landifika kale. Amene ali ndi mafunso andipeze pa nthawi ya chakudya, ndipo a zachipatala amene muli muno mundithandize kuyankha.